Nyale yachikasu kuseri kwa magalaja: yawonongeka kapena ndi yakale?

Achemwali ena a ku Leicester, ku England, anditumizira imelo. Akuti kuseri kwa nyumba zawo kuli nyale imodzi imene imayamba mofiira kenako n'kusanduka yachikasu, pomwe msewu wonse unayera kale ndi LED. Akufunsa ngati yawonongeka, komanso kumene angaone zina zotere.

Achemwali, nyaleyo ndi yabwinobwino, ndipo mukakainenera kukhonsolo abwera kudzaichotsa. Imeneyo ndi ya sodium, mtundu umene ku Britain amautcha SOX. M'babu lake muli kachubu kopindika ngati chilembo U. Ikangoyaka umawala ndi mpweya wa neon, ndiko kufiira kuja ngati khala. Kachubuko kakatentha, sodium amasanduka nthunzi, ndipo pakatha mphindi pafupifupi 10 kuwala kumakhala ngati papaya lakupsa. Kuti mutsimikize, kaimeni pansi pake mutavala chitenje chamaluwa. Maluwa onse azimirira, patsala chikasu, kutuwa ndi kuda basi, chifukwa nyaleyi imatulutsa kuwala kwa mtundu umodzi wokha.

Anthu amati nyalezi zinkadya magetsi. Ayi ndithu, limenelo ndi bodza. Babu la mawati 35 linkakwanira msewu wa kunyumba za anthu, ndipo aakulu a 135 ndi 180 ankawaika m'misewu ikuluikulu. Chinazipha n'choti sizionetsa mitundu, mababu ankafuna kusinthidwa pakapita zaka zochepa, ndipo kampani ya Philips, imene inayamba kuwagulitsa mu 1932, inaleka kuwapanga ku fakitale yake ya ku Hamilton, ku Scotland, mu 2019. Pafupifupi babu lililonse likuyaka lero ndi la otsala m'masitolo. Likapsa, kwatha.

Musaisokoneze ndi SON, sodium wa mtundu wina, amene kuwala kwake ndi kwagolide kotuwirako ndipo mitundu imaonekako pang'ono. SON akakalamba amazima, kuzizira, n'kuyakanso, usiku wonse. Nyale ikakhala yoyera mobiriwirako, yochititsa nkhope ya munthu kuoneka ngati wadwala, ndi ya mercury. Mababu ake analetsedwa kugulitsidwa ku Ulaya mu 2015, ndiye mukaipeza mwapeza chosowa kwambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amalakwitsa: amayang'ana mutu wokha. Nyale ya mumsewu ili ndi zigawo zitatu, polo, mkono ndi mutu, ndipo kawirikawiri zaka zake zimasiyana. Mutu wa LED ukhoza kukhala pa polo ya konkire ya m'ma 1950 kapena 1960. Yang'anani kachitseko ka m'munsi, mwina mupeza dzina la kampani yopanga, ngati Stanton kapena Concrete Utilities. Mapolo amenewa amafa chifukwa madzi amalowa, zitsulo zamkati zimachita dzimbiri n'kutupa, konkire n'kuyamba kusweka, makamaka polumikizira mkono. N'chifukwa chake ena anawadula khosi n'kuwaveka mkono wachitsulo ngati chipewa. Polo yachitsulo chochita kuumba, yaifupi, yokhala ndi kamtanda pafupi ndi pamwamba, kawirikawiri inali ya gasi: kamtandako n'kotsamiritsapo makwerero. Zambiri anaziika mkono wopindika ngati khosi la tsekwe pozisinthira kumagetsi. Ndipo ine ndimati kuzula polo yolimba yotere pofuna kungosintha babu ndi kuwononga kopanda chifukwa. Ku Park Estate ku Nottingham, kufupi ndi kwanuko, nyale za gasi zikuyakabe mpaka lero, ndi kansalu koyera kaja ngati ka m'nyale ya Tilley. Ngati zimenezo zikusamalika, polo ya konkire ingawakanike bwanji?

Kofufuza

Osintha nyale amatsata kaundula wa khonsolo, ndiye zotsala zili kumene kaundulayo sanafike: kuseri kwa magalaja ngati kwanuko, m'tinjira tapansi tolumikiza misewu, m'misewu imene si ya khonsolo, poimika magalimoto patchalitchi, m'mabwalo a mafakitale akale, ndi pamakoma a nyumba. Polo yopanda nambala ya khonsolo ndi chizindikiro chabwino. Yendani dzuwa likangolowa, nthawi imene SOX ikadali yofiira ndipo imaoneka muli kutali. Masana muizindikira ndi mutu wake wautali wokhala ndi mbale yoonekera mkati kunsi kwake. Mayina a makampani opanga, ngati Thorn, GEC, Revo kapena Eleco, nthawi zina amakhala pamutupo, ndiye jambulani mokoka ndi foni. Pa Google Street View mutha kubweza zithunzi m'mbuyo, m'malo ambiri mpaka cha m'ma 2009, n'kuona chaka chimene msewu unasintha.

Kachitseko ka m'munsi musakatsegule, mkati muli mavoti 230. Babu la SOX mukalipeza litagwa n'kusweka musalitole ndi manja onyowa, pakuti sodium akakhudzana ndi madzi amayaka moto.