Butlin wa ku Skegness anali ndani?

Achemwali, mwafunsa ngati dzina loti Butlin's, lomwe lili pa malo amene mukupita ndi ana ku Skegness, tauni ya m'mbali mwa nyanja ku England, tchuthi chikubwerachi, ndi la munthu kapena la kampani chabe. Ndi la munthu ndithu, ndipo mbiri yake imandifika pamtima.

Billy Butlin anabadwira ku Cape Town mu 1899. Makolo ake atasiyana anakakulira ku England kwa abale a mayi ake, anthu oyendayenda m'matauni ndi masewera a pachionetsero. Kenako anapita ku Canada komwe analowa usilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pobwerera ku England mu 1921 n'kuti ali ndi mapaundi 5 okha m'thumba. Anayamba ndi kabenchi ka masewera oponya zingwinjiri, ukakoleka watenga mphatso. Anzake ankalimbitsa dala masewerawo kuti opambana achepe. Iye anawafewetsa, ndipo anthu poona anzawo akuchoka ndi mphatso m'manja ankangounjikana pa benchi pake. Pofika 1927 anali atatsegula bwalo la zisangalalo ku Skegness, ndipo timagalimoto tamagetsi togundana tija ana amatikonda, iyeyu ndi amene anatifalitsa kuno ku Britain kuchokera ku America.

Koma chimene ndimamulemekezera ndi china. Masiku amenewo banja la munthu wa m'fakitale likadzimana chaka chonse kuti likaone nyanja, linkafikira m'nyumba za alendo momwe mwini nyumba ankakutulutsani mukangomaliza kadzutsa, n'kukiya chitseko mpaka nthawi ya chakudya. Kaya kugwe mvula, kaya kuzizire, inu panja ndi ana, ndalama zanu mutalipira kale. Butlin anadzionera yekha zimenezi ku Barry Island, ku Wales, ndipo sizinamuchoke m'mutu. Anaganiza zomanga malo oti banja likhale ndi kanyumba kakekake, lidye katatu patsiku, lipeze zosangalatsa ngakhale kunja kutaipa, zonsezo pa mtengo umodzi wofanana ndi malipiro a sabata imodzi. Ife amene timagwira mashifiti ausiku kuno, n'kumawerengera paundi iliyonse tisanatulutse ana, tikudziwa kulemera kwa mawu oti mtengo umodzi.

Msasa woyamba anaumanga ku Ingoldmells, kunja pang'ono kwa Skegness, ndipo unatsegulidwa pa 11 Epulo 1936 ndi Amy Johnson, mayi wotchuka woyendetsa ndege. Masiku oyambirira alendo ankangokhala duu, aliyense ndi banja lake, osalankhulana. Apa m'pamene Butlin anasankha anyamata ndi atsikana ansangala, n'kuwaveka majekete ofiira kuti azicheza ndi anthu ndi kutsogolera masewera. Amenewo ndiwo ma Redcoats omwe mukawapeze mpaka lero.

Mu 1938 boma linakhazikitsa lamulo lolimbikitsa tchuthi cholipidwa kwa ogwira ntchito, ndipo chaka chomwecho iye anatsegula msasa wachiwiri ku Clacton. Nkhondo yachiwiri itabuka, asilikali apamadzi anatenga msasa wa ku Skegness n'kuusandutsa malo ophunzitsira. Itatha anaubweza, ndipo misasa inachuluka m'magombe a Britain. Butlin analandira ulemu wa Sir mu 1964. Bizinesiyo inagulitsidwa mu 1972, nthawi yomwe Azungu anali atayamba kuthamangira dzuwa la ku Spain pa ndege zotchipa. Butlin anamwalira pa chilumba cha Jersey mu 1980. Lero misasa yatsala itatu: Skegness, Minehead ndi Bognor Regis.

Mukakafika, kafunseni kanyumba ka 1936 komwe anakasunga ngati chikumbutso. N'kakang'ono zedi. Ine nditaima pakhomo pake ndinaganiza za mayi wina amene mwina kanali koyamba kugona pafupi ndi nyanja popanda womuthamangitsa m'mawa. Kawaonetseni ana. Ndipo musaiwale majekete ngakhale ndi Ogasiti, mphepo ya ku North Sea imalowa mpaka m'mafupa.