Buku ndasindikiza, nanga ndikachezere kuti ndi owerenga?

Mayi wina, mphunzitsi wa ku Linthipe, wanditumizira kalata pa imelo. Akuti anasindikiza buku la nkhani zifupizifupi ndi ndalama za m'thumba mwawo, koma makope angodzaza katoni pansi pa bedi. Mnzawo wawalangiza kuti akakambe za bukulo pamalo oonetsera zaluso, monga amachitira alembi a m'mizinda. Akufunsa ngati zimenezi zingatheke kuno ku Dedza, komanso ngati muli phindu.

Zingatheke, mayi. Koma muyambe mwaiwala kaye mwambo wokhazikitsa buku umene tinauzolowera uja: mlendo wolemekezeka afika mochedwa, akuluakulu alankhula mpaka dzuwa kupendeka, kenako kope loyamba ligulidwa pa mtengo wa mbuzi ziwiri. Ndalama imapezeka ndithu, sindikukana. Chimene chimandiwawa n'choti anthu amabalalika wopanda ndi mmodzi yemwe amene watsegula bukulo. Macheza amene mnzanuyo akunena ndi ena. Anthu makumi awiri kapena atatu, mipando yozungulira, inu pakati pawo osati pagome lapamwamba.

Malo tili nawo. Ku Mua kuli KuNgoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 pa mishoni yomwe inakhazikitsidwa mu 1902. Kumeneko kuli nyumba ya Chamare yosungiramo za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao, ndiponso asemi amene amagwira ntchito yawo anthu akuona. Pafupi ndi boma pali Dedza Pottery, yomwe yakhala ikuumba mbale ndi makapu kuyambira 1987. Malo onsewa ali ndi eni ake, choncho pitani nokha mukapemphe, buku lili m'manja. Zotere sizikambidwa pa WhatsApp.

Ubwino wa malo otere ndi anthu ake. Munthu amene waima nthawi yaitali akuyang'ana chiboliboli cha mayi wobereka mwana, akutsata ndi maso pamene kasemasema anadutsa, makutu ake amakhala otseguka kale. Asemi ndi oumba enieniwo muwaitane. Iwowa amafotokoza nkhani ndi mtengo ndi dothi tsiku ndi tsiku, ndipo mafunso awo ndi olasa: "Nanga bwanji mwamupha mtsikanayu, chikhalirecho sanalakwe?" Funso ngati limenelo musalithawe, ndi limene mwabwerera.

Powerenga musapitirire masamba awiri. Sankhani ndime imene anthu akukangana, muiwerenge mutaimirira, ndipo musiyire pomwe nkhani yafika pokoma. Ngati bukulo lili m'Chingerezi, machezawo akhalebe m'Chichewa, apo ayi agogo amene abwera kudzakuchemererani angokhala duu. Pezaninso wofunsa mafunso amene waliwerenga lonse. Asakhale mbale wanu, abale amangoyamikira.

Pali chimodzi choti musamale. Ngati nkhani zanu zikukhudza Gule Wamkulu, kumbukirani kuti muli pakati pa eni ake. UNESCO inauzindikira gule ameneyu mu 2005, koma zimenezo sizinatsegule za kudambwe kuti zizikambidwa pagulu. Kaonaneni ndi amfumu kapena akuluakulu a mwambo tsikulo lisanafike, akuuzeni poyenera kulekezera.

Za nthawi: ku boma mu June ndi July kumazizira koopsa, ndiye yambani masana dzuwa likadalipo, kuti ochokera ku Bembeke apeze kabaza kusanade. Ku Mua n'kumunsi kwa phiri, vuto lake ndi kutentha kwa mu October, komanso thiransipoti ya anthu otsika msewu wa ku Golomoti muiganizire.

Phindu la ndalama musaliyembekezere lambiri tsiku limenelo. Ikani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba pagome, chifukwa ambiri sayenda ndi ndalama m'thumba, ndipo mupemphe eni malo ngati mungasiyeko makope angapo ogulitsa, mutagwirizana polemba gawo lawo. Musanapite, onetsetsani kuti bukulo lili ndi nambala ya ISBN yozindikiritsa buku, mwalembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi zaluso, ndipo kope lafika ku National Archives ku Zomba monga lamulo limafunira. Kope lina mukasiye ku laibulale ya pasukulu panu pomwepo.