Kodi kutsutsana poyera pa nkhani zakunja n'kuchititsa dziko manyazi?

FUNSO: Akonzi, ndine mphunzitsi wa kusekondale ndipo ndimayang'anira kalabu ya mtsutso ya ophunzira. Mwezi watha ndinawapatsa mitu iwiri. Woyamba unali wakuti boma lisiye pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ndipo ndalamazo zipite ku ulimi wa mthirira, pamene wachiwiri unali wakuti dziko lino linalakwitsa kuthetsa ubale ndi Taiwan n'kusankha China. Mphunzitsi anzanga ena, omwe ndi aakulu kwa ine ndipo ndimawalemekeza, anandiuza kuti mutu woyamba ulibe vuto, koma wachiwiriwo ndi wa Pulezidenti ndi akazembe okha, ndipo kuukambirana poyera n'kuyalutsa dziko pamaso pa alendo. Kodi akunena zoona? Nanga anawa ndiwaphunzitse kutsutsana motani kuti mtsutso usasanduke chipongwe?

Ndine mphunzitsi wofuna kudziwa.

YANKHO: Aphunzitsi, anzanuwo ali ndi mfundo imodzi yoona, ndipo ndi bwino tiyambire pomwepo. Malamulo aakulu a dziko lino amapatsa Pulezidenti mphamvu yosankha akazembe komanso yokambirana ndi kusaina mapangano ndi mayiko ena. Koma malamulo omwewo, pa gawo 211, amanena kuti pangano latsopano limakhala mbali ya malamulo athu pokhapokha Nyumba ya Malamulo itavomereza, ndipo gawo 35 limapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula zakukhosi. Ngati aphungu ali ndi mawu pa nkhaniyo, ndiye kuti amene anawatuma, kuphatikizapo ophunzira anu omwe adzavote posachedwa, sangauzidwe kuti atseke pakamwa.

Chimene ndikufuna muwauze anzanuwo mwaulemu ndi chakuti nkhani zakunja ndi zapakhomo zimaphikidwa mumphika umodzi, ndipo mbiri yathu inatiphunzitsa zimenezi dziko likadali lakhanda. Titangolandira ufulu pa 6 July 1964, sipanathe miyezi itatu nduna zinayambana ndi Dr. Kamuzu Banda. Zina mwa zimene zinawagawanitsa zinali zakunja, monga thandizo limene China inafuna kupereka ndiponso ubale ndi Apwitikizi omwe ankalamulira Mozambique. Zina zinali zapakhomo penipeni, monga malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi tiki, ndalama ya mapeni atatu, imene odwala anayamba kulipitsidwa m'zipatala za boma. Mayi woima pakhomo la chipatala, mwana ali kumsana, akumasula mfundo ya chitenje kuti aone ngati tikiyo ikwane, ankakhudzidwa ndi funso lomwelo limene nduna zinkakanganira, lakuti ndalama zoyendetsera dziko tizitenga kwa yani ndipo wotipatsayo adzafuna chiyani. Mtsutsowo sunaloledwe kufika pamapeto. Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi ena anachotsedwa, Henry Chipembere ndi anzake anatula pansi maudindo, ambiri anathawira kunja, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 kufunsa funso kunasanduka mlandu. Ine ndimaona kuti manyazi enieni a dziko anali pamenepo.

Chaka cha 2011 chinabwerezanso phunziro lomweli. Mu April boma la Bingu wa Mutharika linathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yodzudzula utsogoleri itaululika. Britain inaimitsa thandizo lake la m'bajeti panthawi imene ndalama zakunja zinali zitasowa kale, mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta inatalika, ndipo pa zionetsero za pa 20 July anthu pafupifupi 20 anataya miyoyo. Munthu amene anagona m'galimoto kudikira dizilo sangavomere kuti za akazembe sizimukhudza.

Tsono mutu wa Taiwan ndi China musauchotse, chifukwa ndi wabwino kwambiri pophunzitsira kuyeza zinthu. Ubale ndi Taiwan unayamba mu 1966 ndipo unatha boma litagwirizana ndi China kumapeto kwa 2007. Oikira kumbuyo chiganizocho ali ndi zoti aloze: nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe, msewu wa Karonga–Chitipa, yunivesite ya MUST ku Thyolo ndi bwalo la masewera la Bingu. Otsutsa nawonso sali chimanjamanja, pakuti Taiwan ndiyo inamanga chipatala chachikulu cha Mzuzu ndipo madokotala ake ankathandiza odwala kumeneko, makamaka amene ali ndi kachilombo ka HIV, kufikira pamene ubale unatha. Apa muwafunse ana funso limene akuluakulu ambiri amalidumpha, lakuti mwa zomangamangazo ndi ziti zinali mphatso ndipo ndi ziti zinali ngongole. Wophunzira amene wasiyanitsa ziwirizi wayamba kale kuganiza ngati nzika.

Ngakhale mutu wa feteleza, umene anzanuwo akuti ndi wapakhomo, uli ndi mwendo umodzi kunja. Pamene Bingu ankayambitsa makuponi mu 2005, dziko litangovutika ndi njala, ena mwa otithandiza sanagwirizane naye, koma iye anaponda mwala. Zokolola za chimanga zinakwera m'zaka zotsatira, ngakhale akatswiri amatsutsanabe kuti mbali ya feteleza inali yaikulu bwanji poyerekeza ndi mbali ya mvula yabwino. Komanso feteleza timamugula kunja ndi ndalama zakunja, choncho mtengo wake utakwera padziko lonse mu 2008 pulogalamuyo inadya gawo lalikulu kwambiri la bajeti, ndipo kwacha ikatsika mphamvu, monga inachitira ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba lomwelo limafuna ndalama zambiri za boma. Amene akufuna pulogalamuyi ipitirire ayenera kunena chimene chidzachepetsedwe kuti ndalama zipezeke, kaya ndi mankhwala, misewu kapena mabuku. Amene akufuna ithetsedwe ayenera kunena chimene mlimi wa ekala imodzi adzadye m'zaka zimene madamu ndi ngalande zikumangidwa. Mbali imene yalephera kuyankha funso lake isapatsidwe mapointi, ngakhale italankhula Chingelezi chokoma motani.

Pa za chipongwe, ndikupemphani zinthu zochepa koma muzigwiritse mwamphamvu. Akuluakulu anati kutsutsa galu n'kukumba, choncho aliyense wotchula chiwerengero anene kumene wachitenga, kaya ndi m'bajeti, m'lipoti la Reserve Bank kapena la ofesi ya National Statistical Office, ndipo muwakumbutse kuti lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Musalole mawu onena za munthu m'malo mwa mfundo, monga kumutcha mnzake wogulitsa dziko, wotumidwa ndi azungu kapena wa chipani chakuti, ndipo musalolenso kuti chigawo chimene mwana amachokera chikhale yankho. Zimandipweteka kuona kuti ambiri a ife timasintha maganizo pa mfundo yomweyomweyo malinga ndi chipani chimene chili m'boma, moti amene ankaombera m'manja makuponi dzulo ndi amene akuwanyoza lero, popanda chatsopano chimene aphunzira.

Musanayambe mtsutso, gulu lililonse lifotokoze maganizo a gulu linalo momveka bwino kufikira eni akewo atavomereza kuti ndi zimenedi akutanthauza. Sabata yotsatira muwasinthanitse mbali, oikira kumbuyo China aikire kumbuyo Taiwan, ndipo mphunzitsi anzanuwo muwapemphe kuti akhale mmodzi mwa oweruza tsikulo.