Chifukwa chiyani odwala matenda a m'maganizo akutumizidwabe ku Zomba?

Mayi wina wa ku Ndirande wandilembera imelo kufunsa chifukwa chimene mchimwene wawo amatumizidwabe ku chipatala cha matenda a m'maganizo cha ku Zomba matenda akamukulira, chonsecho boma lakhala likunena kuti chithandizo cha matenda a m'maganizo chizipezeka pa chipatala cha pafupi ndi kwawo.

Mayi, gwero la vutoli ndi lakale. Lamulo la Mental Treatment Act linalembedwa m'chaka cha 1948, nthawi ya atsamunda, ndipo linkaona wodwala ngati munthu woyenera kutsekeredwa kutali ndi anzake. Kwa zaka zoposa 70 dziko lino linayendera maganizo amenewo, n'chifukwa chake akatswiri, mabedi ndi ndalama zinaunjikana pa chipatala chimodzi cha ku Zomba, pomwe a chipatala cha St John of God ankathandiza kumpoto, ku Mzuzu.

Kusintha lamulo n'kofunika, koma lamulo silipereka mankhwala pa windo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko ya mhGAP mu 2008 kuti anamwino ndi madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono aziphunzitsidwa kuzindikira matendawa ndi kupereka chithandizo, ndipo ambiri kuno anaphunziradi. Chimene chimandipweteka n'chakuti namwino wophunzira za matenda a m'maganizo nthawi zambiri amakhalanso mzamba, choncho anamwino akachepa amamutumiza ku chipinda cha amayi oyembekezera, kliniki ya odwala m'maganizo n'kukhala yotseka.

Ndinaperekezapo msuweni wanga ku chipatala china m'boma lino. Tinafika mbandakucha, tinakhala pa benchi mpaka dzuwa kufika paliwombo, kenako anatibwezera buku lathu la kuchipatala n'kutiuza kuti mankhwala a haloperidol atha, tikagule ku famase. Banja lopanda ndalama limasiya mankhwala, matenda n'kuyambiranso, ndipo apa m'pamene ena amathamangira kwa asing'anga kapena kumangirira wodwala m'nyumba poopa manyazi kwa anansi. Sindiwaweruza, chifukwa ndinaona kutopa kwa azakhali anga ndi maso angawa.

Ndalama zoyendetsera zipatala za m'maboma zimadzera ku makhonsolo, ndipo zikachepa, galimoto yoyendera odwala m'midzi ndi imene imayamba kusowa mafuta, chifukwa malungo ndi uchembere zimaoneka zachangu kuposa matenda a m'maganizo.

Pakadali pano, mayi, pitani ndi mchimwene wanu ku kliniki ya matenda a m'maganizo pa Queen Elizabeth tsiku lililonse limene anakulemberani, ngakhale akuoneka kuti ali bwino, ndipo mufunseko mankhwala ena asanathe amene muli nawo kunyumba.