Za Leviyatani amene mwafunsa uja

Asisi, mwati kumapemphero ausiku mneneri anakulozani nkunena kuti muli ndi mzimu wa Leviyatani wochokera mmadzi, ndiye mukufuna kudziwa kuti chimenechi ndi chani komanso chili pati mBaibulo. Ine si m'busa ayi, ndimangophunzitsa Sande sukulu kuno ku Chinamwali, koma nkhaniyi ndinaifufuzapo ndithu chifukwa ana amafunsa mafunso oti iwe thukuta kamukamu.

Dzina limeneli likupezeka mmavesi asanu okha basi: Yobu 3:8, Yobu 41:1, Salimo 74:14, Salimo 104:26 ndi Yesaya 27:1. Chipangano Chatsopano chonse mulibemo dzinali. Ngati mwatsegula Yobu 41 nkupeza palembedwa ng'ona musadabwe, omasulira ena anaona kuti mamba ndi mano akufotokozedwa pamenepo ndi a ng'ona ngati zija za mu Shire ku Liwonde. Koma mukawerenga mpaka vesi 19 mpaka 21 mupeza kuti mkamwa mwake mukutuluka moto, mmphuno utsi, nanga ng'ona yotero munaionapo kuti? kkkk. Ndiye apa wolemba akuyambira pa nyama yodziwika kenako nkuikulitsa mwandakatulo kuti tione chinthu choti munthu sangachigwire.

Yobu 41 muiwerenge yonse asisi, ndi yokoma zedi. Yobu wataya ana, chuma, thupi lonse zilonda, wakhala akufunsa kuti ndalakwanji, ndiye Mulungu mmalo momuyankha mwachindunji akumufunsa kuti kodi Leviyatani ungamukoke ndi mbedza? Ungamumange chingwe kuti ana ako aakazi azisewera naye ngati kambalame? Amalonda angamutsatse nkugawana? Ine ndikawerenga pamenepo ndimaona asodzi aku Kachulu akulimbana ndi mlamba, ndiye wina nkuwauza kuti kokani ichi chimene chitsulo chimachiona ngati udzu ndipo chikadutsa nyanja imawira ngati mphika. Mfundo yake ili pa vesi 10, ngati palibe wolimba mtima woti nkuchidzutsa, ndani angaime pamaso pa amene anachilenga? Vesi lomaliza limati ndi mfumu ya odzikuza onse, apa ndipamene alaliki ena amatengera zoti Leviyatani ndi mzimu wa kunyada. Kulalikira za kunyada sikulakwa, koma vesilo silikunena kuti amalowa mwa munthu.

Chimandisangalatsa ine ndi Salimo 104:26. Kumeneko chilombo choopsa chija akuti Mulungu anachilenga kuti chizisewera mnyanja, pomwe zombo zikudutsa. Kusewera! Ngati mwana wa mbuzi pabwalo.

Salimo 74 ndi Yesaya ndiye mawu asintha. Salimo likuti Mulungu anaphwanya mitu yake, mitu yambiri osati umodzi, ndipo Yesaya akumutcha njoka yothawa, njoka yokhotakhota, yomwe Yehova adzailange ndi lupanga. Anthu oyandikana ndi Aisraeli analinso ndi nkhani yotere. Ku Ugarit mdziko la Syria, akatswiri atayamba kukumba mu 1929 anapeza mapale olembedwa onena za Lotan, njoka ya mitu 7 imene amati mulungu wawo Baala anaigonjetsa. Aisraeli anatenga chithunzi chimene aliyense ankachidziwa nkunena kuti ayi, mwini mphamvu pa nyanja ndi Yehova osati Baala. Mafumu ozunza anthu ankawafaniziranso ndi zilombo zammadzi, onani Ezekieli 29:3 mmene akumunenera Farao ali gone mu mtsinje wake.

Ife a Zomba izi sizachilendo. Agogo athu pofotokoza madzi aja anatsika mphiri mu Disembala 1946 nkukokolola milatho ndi anthu samati kunagwa mvula yambiri, amati kunadutsa Napolo. Mphamvu yoti sungaiimitse umaipatsa dzina ndi thupi la njoka. Kwa Aisraeli nyanja inali choncho, malo a chisokonezo ndi imfa, nchifukwa chake ophunzira ananjenjemera pa Marko 4 Yesu atadzudzula namondwe, ankadziwa kuti wolamula nyanja ndi mmodzi yekha.

Tsono za Satana. Chivumbulutso 12 chikunena za chinjoka cha mitu 7 ndi nyanga 10 ndipo vesi 9 ikuti ndiye Mdyerekezi, mutu 13 chilombo chikutuluka mnyanja. Akhristu ambiri kuyambira kale amalumikiza zimenezi ndi Leviyatani, ineyo ndikuona kuti kulumikizako nkomveka. Koma zoti Leviyatani ndi amene akutsekereza banja lanu kapena geni yanu, kapena akubwera kumaloto, mmavesi asanu aja mulibe ngakhale pang'ono.

Munatinso anakuuzani mubwerenso ndi kangachepe kuti akumasuleni. Musanapite, werengani mavesiwo nokha, si ambiri, kenako mukawaonetse abusa akumpingo kwanu. Mneneriyo mukamufunse mwaulemu kuti abambo, vesi lonena kuti Leviyatani amakhala mwa munthu ndi liti? Akakupatsani mudzalilembe pompano, nanenso ndikufuna ndiliwerenge.