Madzi adulidwa, chimbudzi chili ndi loko: ndiyambire pati?

Achemwali ena a ku Luchenza andilembera imelo sabata yatha, akuti awasankha kukhala wapampando wa komiti ya kiyosiki ya madzi ndi chimbudzi cha anthu onse kuseri kwa msika, koma apeza madzi anadulidwa kale, chimbudzi chili ndi loko, ndiye ayambire pati. Achemwali, ndinawerenga kawiri ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere, chifukwa nkhani yanuyi ndi yanga yomwe.

Ine ndinakhalapo mlembi wa komiti ngati yanuyo konkuno ku Mulanje, kumalo kumene nyumba zinangomangidwa mothithikana, khonde la uyu kuyang'anizana ndi bafa la uyu, pokumba chimbudzi palibe, ndipo ukakumba nthawi ya dzinja madzi amatumphuka dzenje lisanafike m'chiuno. Bungwe lina linatimangira zipinda zinayi, thanki pamwamba, mpopi panja. Tsiku lotsegulira amayi anavina mpaka fumbi koboo, amfumu analankhula, tonse tinalonjeza kuti tisamala. Ndipo tinkanena zochokera mumtima.

Ndalama za ndowa ndi za chimbudzi zinkalowa m'kachitini, kachitiniko kankagona kunyumba kwa amsungichuma. Bambo amenewo sanali wakuba ayi, mpaka lero ndimawapatsa ulemu. Koma kukagwa maliro anthu ankathamangira kwa iwo, tibwerekeniko ya m'chitini tibweza lachisanu, ndiye munthu wamkulu angakane bwanji mtembo uli m'nyumba? Ine ndinali ndi kope koma ndinkachita manyazi kufunsa, ndinkaona ngati kuwerenga ndalama pamaso pa akuluakulu ndi mwano. Manyazi amenewo ndi amene anatitsekera mpopi.

Ndiye panali mayi wamasiye amene ankatsuka chimbudzi ndi kugulitsa madzi, tinkati ndi wodzipereka. Ankafika kusanache, bulumu m'manja, chitenje atamanga m'chiuno, zala zitasuwa ndi kolorini, madzulo n'kubwerera kwa ana ake chimanjamanja. Mvula itayamba, ma esiteti atayamba kulemba anthu othyola tiyi, anatipatsa makiyi n'kupita. Ndani angamunene? Pasanathe sabata ziwiri m'kati munali mosalowereka, anthu anasiya kulipira, bili inaunjikana, tsiku lina tinangopeza mita yachotsedwa.

Apa ndinene mosabisa, mawu akuti kudzipereka ndasiya kuwakhulupirira pa ntchito ya chimbudzi. Amene anajambula pulani analipidwa, mmisiri analipidwa, woyendetsa galimoto ya bungwe analipidwa, koma mayi wogwira manyi a mudzi wonse tsiku ndi tsiku ndiye agwire yaulere? Ayi, si chilungamo, ndipo sizikhalitsa.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti ife sitili m'chipululu. Mukaima pa Chitakale mvula itagwa mumaona madzi akutsika m'phiri oyera mbee, Likhubula, Lichenya, Ruo, yonseyi ikuchokera pamwamba pathu pomwepa. Madzi a Likhubula amayenda m'mapaipi kukatsukidwa ku Nguludi kuti anthu a ku Blantyre amwe, ine sindikuwachitira nsanje, nawonso ndi anthu, koma mwana wa m'tsinde mwa phiri kumatunga m'khwawa mmene ena akuchapa matewera, mtima umandipweteka. Makolo athu anakumba okha ngalande za mipopi yotsika m'phiri yopanda injini, ndi makasu, mudzi ndi mudzi. Ndiye kuti anthu akuno sadziwa kugwirira pamodzi ndi bodza.

Ndipo mtengo wa chimbudzi chotsekedwa tinauona. Kolera amene anayamba mu 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tisanapume, mu Malichi 2023 namondwe Freddy anabwera kudzakokolola mapaipi, milatho ndi zimbudzi ku Mulanje, Phalombe, Thyolo mpaka ku Chilobwe. Masiku amenewo ndinaona kamtsikana ka aneba katasenza chigubu cha madzi ofiira ngati tiyi wamkaka, kakudutsa pampopi pathu pouma, sikanayang'ane n'komwe.

Ndiye muyambire apa

Pitani ku ofesi ya Southern Region Water Board ndi anthu awiri a komiti, mukaone ngongole yeniyeni papepala, mupemphe kulipira pang'onopang'ono. Mukabwerako itanitsani msonkhano kudzera kwa amfumu, chiwerengerocho muchinene mokweza osasaka mfiti, zakale zikhale zakale. Ndalama isagonenso m'nyumba ya munthu, tsegulani akaunti yosainira anthu atatu, zolowa ndi zotuluka muzilemba ndi choko pakhoma la kiyosiki sabata iliyonse. Mwezi ukatha yoyamba ndi bili, yachiwiri malipiro a wotsuka, yachitatu yosungira labala ya mpopi, sopo ndi kupopa dzenje likadzaza. Alangizi a zaumoyo akuthandizani pa kolorini. Za maliro pangani thumba lina, ngakhale la banki mkhonde, kuti pokana mukhale ndi kolozera.

Mayi uja ndinakumana naye mwezi watha pa depoti, atanyamula dengu la mapeyala. Ndinamupepesa chifukwa cha miyezi yonse ija. Anangoti zinapita izo achimwene, kenako n'kundifunsa ngati mpopi uja unatsegulidwa.