Ndilibe ngakhale ya sopo, kodi ndikagwire ntchito yongodzipereka?

Mtsikana wina wa ku Chirimba wanditumizira imelo. Anamaliza dipuloma chaka chatha, ntchito sikupezeka, ndiye bungwe lina lamuuza kuti azikathandiza ngati volontiya, popanda malipiro. Bambo ake akuti anthu amenewo akufuna kumudyera masuku pamutu. Akufunsa ngati apite kapena ayi.

Achemwali, mwakhudza pachilonda, ndiye mundipirire, ndizungulira kaye.

Mayi anga anali m'gulu la amayi a kutchalitchi osamalira odwala m'makomo, nthawi ija Edzi inkatha anthu. Mankhwala a ARV anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, koma chisanafike chakacho wodwala akabwezedwa kuchipatala ankangobwera kudzadikira tsiku. Amayi aja ankanyamula beseni, sopo ndi kaufa ka phala, n'kukasambitsa anthu amene abale awo enieni ankaopa kuwakhudza. Magolovesi akatha ankavala majumbo m'manja. Ife ana tinkangodandaula kuti nsima yachedwa. Palibe anawalipira ngakhale tambala. Koma mankhwala atabwera, a chipatala akafuna kudziwa nyumba imene muli wodwala amene wasiya kumwa mankhwala, ankafunsa amayi omwewo. Mayi anga sukulu analekezera pulayimale, koma anafika podziwa za TB ndi zilonda za ogona nthawi yaitali kuposa ife tonse a mapepala. Ndipo bambo atamwalira, amene anatiphikira ndi kutigonera pamaliro anali mabanja aja, ena ochokera kutali oti sitinkawadziwa n'komwe.

Choncho wina akamati kudzipereka n'kutaya nthawi, ine sindimumvera. Namondwe Freddy atagumula matope a m'phiri la Soche mu Malichi 2023, oyamba kufukula anthu ku Chilobwe anali anyamata a pamalopo, ndi makasu ndi mafosholo awo. Phala la ana a sukulu la Mary's Meals, limene linayambira kuno mu 2002, amaphika ndi makolo a ana omwewo, kulawirira kusanache. Alezi ambiri a m'sukulu za mmera mpoyamba akhala zaka akuphunzitsa ana popanda salale. Ngakhale Red Cross mphamvu zake zili mwa anthu ongodzipereka a m'midzi ndi m'makwalala. Muwachotse anthu amenewa muone ngati pali bungwe limene lingafike pakhomo la munthu.

Apa ndi pamene mtima wanga umayamba kuwawa. Mabungwe amadziwa bwino kuti amakolola kwambiri kwa anthuwa. Inenso ndinathandizapo bungwe lina kulemba mayina a mabanja ovutika m'midzi. Tinkayenda wapansi dzuwa likuswa mtengo, mabwana akubwera pa galimoto yoziziritsa kudzatenga mafomu. Ya thiransipoti imene anatilonjeza inabwera mvula itagwa kale. Lipoti lopita kwa opereka thandizo linkanena za midzi imene “tafikira”, ngati kuti anapondako ndi iwo. Misonkhano yokambirana za mavolontiya ankachitira kunyanja, aliyense ndi alawansi yake, volontiya mwiniwake akulandira tisheti, botolo la Fanta ndi banzi. Pa 5 Disembala, tsiku lokumbukira anthu ongodzipereka padziko lonse, amatiyamikira pa maikolofoni. Bungwe limene lili ndi ndalama zogulira mafuta a galimoto lili nazonso ndalama za minibasi ya mtsikana wa ku Chirimba. Likakana, bambo anu akunena zoona.

Alawansi yomweyo yationongeranso midzi. Lero amfumu akaitana anthu kukaumba njerwa za sukulu kapena kulambula msewu, funso loyamba limakhala lakuti kuli kangachepe. Sindiwadzudzula kwenikweni, anazolowezedwa ndi a mabungwe omwewo. Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo kukagwa maliro amadzuka usiku kukakumba manda osafunsa kanthu. Mtima wothandiza ulipobe. Umangokana kugwirira ntchito munthu amene akudyerapo yekha.

Ndiye mupite?

Pitani, koma mudziikire malire. Miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo bambo muwauze tsiku lomaliza kuti mtima wawo ukhale pansi. Musanayambe, apempheni akulembereni papepala ntchito yanu, amene azikuyang'anirani, ndi ya thiransipoti. Muwafunsenso ngati adzakupatseni kalata yaumboni pochoka, chifukwa olemba ntchito amafuna munthu amene anagwirapo kale penapake, ndipo kalatayo ndiyo malipiro anu aakulu. Mukapeza kuti akukukhazikani pampando wa munthu amene ankalandira salale, kuyambira 7:30 mpaka 5 koloko tsiku lililonse, mwezi ukatha mungowatsanzika mwaulemu. Makalata ofunsira ntchito musasiye kutumiza, ndipo masiku awiri pa sabata muzisungire kageni kanu, kuti ya sopo ija izipezeka.